Chikasu cha M'khwapa

Mtembo unagona chafufumimba pakati pa tebulo lositira ndi makina ochapira, mkono umodzi utalowa pansi pa dengu la zovala zosachapa. Inspekitala anafika nthawi ili 7:10 m'mawa wa Lachitatu, ndipo anayamba waima pakhomo n'kuyang'ana pansi asanaponde. Zaka makumi awiri ndi zitatu za upolisi zinamuphunzitsa kuti nsapato za apolisi zimafafaniza umboni wambiri kuposa mvula.

Malemuwo anali mwini wa malo ochapira zovalawo, bambo wa imvi amene msewu wonse unkawatcha a Kolala, chifukwa asanakupatse moni ankayamba ayang'ana pakhosi pa shati yako. Bala linali kuseri kwa khutu. Simbi yaikulu yamagetsi inali pansi, chingwe chake chitazuka kukhoma, ndipo magazi anali atawazikira mpaka pa miyendo ya tebulo. M'chipindamo munkamveka fungo la bulichi, mankhwala oyeretsera zovala aja, koma fungo lotere pamalo ochapira palibe angalidabwe.

"Adokotala akuti zachitika dzulo madzulo, pakati pa sikisi ndi seveni koloko," anatero Sajeni, mayi wamfupi amene ankalemba chilichonse m'kabuku kake, ngakhale kutsokomola kwa mboni. "Chitseko sichinathyoledwe, ndipo palibe chasowa. Wawapeza ndi kasitomala, amagwira ntchito yoperekera zakudya ku hotela."

Bambo wa ku hotelayo anali panja, mantha ali pankhope. Anati anabwera 6:45 kudzatenga mashati ake asanu asanalowe ntchito. Anagogoda, anakankha chitseko, n'kuona mapazi. Sajeni atafunsa kwa oyandikana nawo anamva kuti Lolemba bamboyu anakalipira a Kolala chifukwa chochedwetsa mashatiwo, moti kwa ola lathunthu Inspekitala anamuyang'ana ndi diso lokayika. Koma foni imodzi ya ku hotela inathetsa nkhaniyo: dzulo, kuyambira masana mpaka hotela kutseka, munthuyo anali pakati pa matebulo ndi mbale m'manja, anthu oposa zana akumuona.

Hafu seveni itakwana panafika kagalimoto koyera kokaperekera zovala. Woyendetsa wake anali mkamwini wa a Kolala, mwamuna wamtali, waulemu wosefukira. Atamva uthengawo anakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kugwira kumutu.

"Apongozi anu munawaona liti komaliza?" anafunsa Inspekitala.

"Dzulo cha m'ma sikisi, bwana. Ndinalowa kudzawauza kuti ndamaliza kupereka zovala. Ndinawasiya akusita."

"Sanafike kunyumba, simunadabwe?"

"Amakhala okha chimwalirireni apongozi aakazi. Ntchito ikachuluka amagona m'kachipinda kakuseriko."

"Makiyi a pano ali ndi ndani?"

"Iwowo ndi Mayi Thovu, amene amachapa ndi kusita." Mkamwiniyo anatsitsa mawu. "Sindikufuna kuika munthu m'mavuto, bwana, koma dzulo masana panali phokoso pano. Funsani aliyense."

Mlonda wa sitolo ya mankhwala ya kutsidya kwa msewu analibe wotchi, koma maso anali nawo. Anati mkamwiniyo analowa chimanjamanja ndipo anatulukanso chimanjamanja, shati yake ili mbee ngati mmene analowera. Pambuyo pake, magetsi a mumsewu akuyaka, anaona Mayi Thovu ataima pachitsekopo. Ngati analowa kapena ayi iye sanaone, chifukwa anamuitana kukatsitsa makatoni. Inspekitala anayang'ananso magazi aja pa miyendo ya tebulo. Amene anamenya munthu chonchi sakanatuluka ndi shati yoyera. Nthawi ili 11:00 anakawatenga yekha Mayi Thovu kunyumba kwawo.

Anali mayi wa zaka za m'ma fifite, wamanja osuwa ndi sopo. M'chipinda chofunsira mafunso anakhala mowongoka, chikwama chili pamiyendo, ngati akudikira dokotala.

"Mayi, dzulo masana munayambana ndi abwana anu?"

"Tinayankhulana mokweza."

"Anakuchotsani ntchito?"

"Anandichotsa. Patatha zaka naintini."

"Chifukwa chake?"

"Za kuntchito, bwana."

"Ziti?"

Mayiwo anayang'ana chikwama chawo.

"Anthu anakumvani mukunena kuti, ‘Mudzalira ndinu.’"

"Ndinanena. Ndinali nditapsa mtima."

"Nanga madzulo munabwererako kukatani?"

"Kukapepesa. Ndinagogoda katatu, zii. Ndinati akadali okwiya, ndinabwerera."

"Kiyi muli naye. Bwanji simunatsegule?"

"Munthu wochotsedwa ntchito atsegula bwanji chitseko cha eni ake?"

"Diresi limene munavala dzulo talipeza m'ndowa, m'madzi ozizira amchere. Magazi amachotsa choncho, si choncho?"

"Ndi thukuta lomwe. Ndimaviika tsiku lililonse ndikaweruka." Anakweza maso n'kumuyang'ana Inspekitala m'khwapa. "Inuyo mukanamatero, bwana, shati yanuyo sikanafika pamenepo."

Sajeni anaweramira kabuku kake. Inspekitala anamaliza mafunso otsalawo mikono itamatira m'nthiti.

Madzulo a tsikulo mkulu wa polisiyo anamuitana. Kwa iye mlandu unali utatha kale: mkangano ulipo, kiyi alipo, mboni ilipo, zidindo za zala zili pa simbi.

"Zala za munthu wosita zikhala pati, bwana, ngati si pa simbi?"

"Ukafunse zimenezo kukhoti. Mawa folo koloko ndikufuna fayilo yosaina patebulo panga. Lachisanu mayiyo akaonekere pamaso pa woweruza."

Inspekitala anatuluka mtima uli m'mwamba. Ankadziwa bwino tanthauzo la fayilo imeneyo. Mlandu wakupha ulibe belo yamsanga. Munthu amapita kundende kukadikira, ndipo kudikirako kumadya zaka. Mayiwo anawamanga ndi iyeyo, ndi manja ake, pasanathe maola anayi chionereni mtembo. Umboni unkaoneka wokwana, koma iye sanali kuukhulupirira, ndipo chifukwa chogwirika chosaukhulupirira analibe. Munthu wolakwa amakupatsa nkhani yaitali, yosalala. Mayi awa ankangokana kunena chinthu chimodzi, ndipo ankakana ngati akutchinjiriza munthu wina.

Lachinayi m'mawa anapita kunyumba ya maliro. Mwana wa a Kolala, mmodzi yekhayo, anali pampando mapazi atatupa, ali ndi pakati potopa. Anamugwira Inspekitala dzanja osafuna kulisiya.

"Bwana, mwalakwitsa. Mayi Thovu anandilera ine amayi akudwala. Yunifomu yanga yoyamba anasita ndi iwowo. Sangawaphe bambo."

Mwamuna wake ankanyamula mipando kupatsa alendo, ndipo nthawi ndi nthawi ankabwera kudzamukonzera pilo kumsana. Inspekitala anabwerera ku ofesi ali chimodzimodzi, kungoti tsopano wotchi ya pakhoma inkamveka mokweza. Anawerenga kabuku ka Sajeni kawiri. Anaimbanso foni kwa adokotala, koma za diresi lija anati zotsatira zidzatuluka sabata yamawa. Pofika wani koloko fayilo inali patsogolo pake, cholembera chili pambali, iye akutuluka thukuta ngakhale fani inali kuzungulira.

Nthawi ili 1:20 bambo wa ku hotela uja analowa balamanthu, mantha a dzulo atasanduka ukali. Sajeni anali atamulola kutenga mashati ake masana omwewo, chifukwa abwana ake anamuopseza kuti akabweranso ndi shati ya dzana asadzabwerenso.

"Taonani izi! Anayi ndi anga, koma iyi si yanga. Inali pakati pa anzake, m'pepala momwemo. Ine ndivale ichi pamaso pa alendo?"

Anaiponya patebulo. Inali shati yoyera, yochapidwa, yositidwa, koma m'khwapa monse muli chikasu chowala, nsalu itauma gwa. Pamapewa onse awiri panali timabanga tachikasu, ndipo mzere wina wotuwa unachoka paphewa n'kutsika mopingasa pachifuwa mpaka m'chiuno. Fungo la bulichi linali lisanathe.

"Mukudziwa bwanji kuti si yanu?"

"Athu a ku hotela ali ndi nambala yosokedwa ndi ulusi wofiira m'kolala. Yanga ndi 14. Iyi ilibe, ndiponso ndi yaikulu. Ine ndi mikono imeneyi?"

Inspekitala anatuma kuti akawatenge Mayi Thovu m'chitokosi. Analowa 1:45, maso atalowa m'kati, nsapato zopanda zingwe. Inspekitala anangowakankhira shatiyo.

Mayiwo anaitembenuza, anainunkhiza, ndipo kwa kanthawi anaiwala kumene anali.

"Wachita izi ndani? Ameneyu sanagwirepo ntchito yochapa chibadwire!"

"Si inuyo?"

"Bwana, ndimangeni pa zina, koma pa ichi musandinyoze. Thukuta likasakanikirana ndi mafuta a m'khwapa, marolo-oni mumapakawa, limakakamira mu ulusi. Poyamba silioneka. Ukathirapo bulichi sulichotsa ayi, umalidzutsa, paliponse pamene linabisala pamasanduka chikasu. Ndiye taonani, wathira wambiri, m'madzi otentha, kenako waumitsa ndi simbi. Waphikiramo. Izi sizidzachoka mpaka shati idzang'ambike."

"Inu mukanatani?"

"Madzi ozizira ndi viniga pang'ono, theka la ola. Kenako soda, kumusakaniza ndi timadzi mpaka alimbe ngati mankhwala otsukira mano, kupaka m'khwapamo, kukwecha ndi mswachi wakale kuchokera kunsi kwa nsalu. Usiye ola limodzi. Ukachapa uyanike padzuwa. Simbi imabwera banga litatheratu, osati lisanathe. A Kolala akanakupeza ukuthira bulichi pa thukuta akanakutulutsa ndi tsache."

"Ndiye munthu angathirirenji bulichi wambiri chotere pa shati, mwachangu, pamalo pamene pafa munthu?"

Chala cha mayiwo chinali chikutsatira mzere wopingasa uja. Chinaima pakati pa chifuwa. Anaibweza shatiyo patebulo pang'onopang'ono ngati yatentha.

"Mzere umenewo ndi lamba wa galimoto," anatero Inspekitala. "Munthu amene amakhala pa chiwongolero tsiku lonse, dzuwa likuswa mtengo. Ndikunama?"

Mayiwo anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Mayi, tamverani. Kwatsala maola awiri. Ndikasaina pepala ili sindidzathanso kukutulutsani, ngakhale nditafuna. Ndinakumangani ndine, ndipo kunena zoona ndili ndi mantha kuti ndamanga munthu wosalakwa. Munayambana chiyani ndi a Kolala?"

"Mwana uja ali ndi pakati pa miyezi eyiti," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Magazi ake akuthamanga. Anamwino anati asamve zodzidzimutsa."

"Ndiye mukalowe kundende kuti iye azigona nyumba imodzi ndi amene anapha bambo ake?"

Misozi inatsika, koma mawu sanagwedezeke. Analoza timabanga ta pamapewa tija.

"Munthu sapaka rolo-oni paphewa, bwana. Amafika pamenepa mkazi akakukoleka mikono m'khosi. Ndipo mwana wathu uja sapaka zimenezi, zimamutulutsa zidzolo kuyambira ali kusukulu. Mashati a mwamuna wake amachapidwa kwathu konkuja. Miyezi sikisi yapitayi ndinayamba kumva phula pamapewa, fungo lake lachikazi, lomwelomwelo Lachiwiri lililonse ndi Lachisanu. Ndinkachotsa mwakachetechete a Kolala asanaone. Ndinkati zitha zokha, mwana akabadwa munthu adzakhazikika. Dzana a Kolala anandipeza ndikukwecha paphewa ndi mswachi. Iwo aja nsalu ankaiwerenga ngati kalata. Anati ndakhala ndikuchapa manyazi a nyumba yawo n'kumawaseka kumbali."

"Munadziwa kuti wapha ndi mkamwiniyo?"

"Sindinadziwe. Ndinkangopemphera kuti akhale wakuba wamba."

Sajeni ananyamuka 2:15 kupita kunyumba ya maliro. Inspekitala anatsala akuyendayenda m'khonde, akuyang'ana wotchi ngati ili ndi mlandu naye. Mkulu wa polisi anadutsa kawiri, ulendo wachiwiri anangogogoda galasi la wotchi yake ndi chala. Shati yachikasu payokha inali nkhani chabe. Loya aliyense akanati oyendetsa galimoto m'tauni ndi ambiri. Pankafunika shati inayo, yachisanu ya bambo wa ku hotela uja.

Sajeni anabwera 3:00, mkamwini ali pambuyo pake, m'manja muli jumbo. Anakokera Inspekitala pambali.

"Wandipatsa ndi mkazi wake, kuchokera m'dengu la zochapa. Akuti mwamunayo anafika nayo Lachiwiri madzulo, iye mpaka anamuseka kuti mikono yafupika. Sakudziwa kanthu, bwana. Akuganiza kuti tamutenga kuti adzatithandize."

M'kolala munali nambala 14, ya ulusi wofiira.

Nthawi ili 3:10 Inspekitala anayala mashati awiriwo patebulo, moyandikana, n'kukhala pansi.

"Iyi ndi yanu. Iyi ndi ya eni ake. Tandiuzani mmene zinasinthanirana."

Mkamwiniyo anayesa kumwetulira. "Pamalo ochapira zovala zimasokonekera, bwana. Mwina apongozi anandipatsa yolakwika."

"Munalowa mutavala iyi, munatuluka mutavala iyo. Munavulira chiyani?"

"Kunatentha."

"Kunatentha, ndiye munaichapa nokha ndi bulichi, munaisita nokha, n'kuipachika pakati pa mashati a kasitomala? Apongozi anu ali pomwepo akuonerera?" Inspekitala anatembenuza mkono wa shatiyo n'kuonetsa msoko wa pa batani, pamene panatsala kadontho kofiirira. "Bulichi amayeretsa pamwamba. M'misoko adokotala apezamo zimene akufuna."

Mwamunayo anayang'ana kadonthoko nthawi yaitali. Kenako mapewa anagwa.

"Sindinapite kukawapha."

"Munapita kukatani?"

"Anandiitana okha. Ndinapeza atayala shati yanga ina patebulo. Anati ndinunkhize paphewa. Anadziwa zonse, bwana, ngakhale masiku ake, chifukwa Lachiwiri ndi Lachisanu ndi pamene ndimakapereka nsalu ku nyumba ina yogona alendo, ndipo mkaziyo amagwira ntchito kumeneko. Ndinagwada. Ndinati ndisiya, angodikira mwana abadwe. Anati mwana wawo sanamulerere kuti azinamizidwa, amutenga tsiku lomwelo, ndipo ine ndisiye makiyi a galimoto ndizipita. Mkazi, mwana, ntchito, zonse madzulo amodzi. Anatulutsa foni n'kutembenuka kuti amuimbire. Simbi inali pafupi ndi dzanja langa." Anapukuta kumaso. "Ndinkangofuna kuti asaimbe."

"Pitirizani."

"Shati inali magazi okhaokha. Mlonda uja amaona chilichonse chotuluka pachitseko, sindikanatuluka nayo chonchija, kapena nditanyamula kanthu. Ndinatenga botolo la bulichi ndinakhuthula. Magazi anachoka, ndinati ndapulumuka. Ndikuumitsa ndi simbi ina ya pomwepo, chikasu chinayamba kutuluka ndikuona, ndikamasita chikuwonjezeka. Mutu unaima. Ndinavala ya kasitomala, yanga ndinaibisa pakati pa anzake. Ndinati m'mawa ndifika woyamba, ndiitulutsa pamodzi ndi zokapereka. Ndinapeza inu mwafika kale."

"N'kuloza chala mayi amene anakhala miyezi sikisi akukubisirani."

Mkamwiniyo anadzutsa mutu. "Akundibisira?"

"Mumaganiza kuti mapewa anu ankayera okha?"

Sajeni anamuwerengera zimene analemba, iye anasaina, ndipo unyolo unalira 3:40. Inspekitala anatenga fayilo ija, anachotsa pepala la pamwamba n'kuling'amba pakati. Anapita yekha kukatsegula chitokosi.

"Mayi, ndinu omasuka. Ndinalakwitsa, pepani."

Mayi Thovu anakhala pabenchi n'kuyamba kulowetsa zingwe m'nsapato zawo, bowo ndi bowo, osafulumira.

"Wavomera?"

"Wavomera."

Anagwedeza mutu, koma chimwemwe panalibe. Anatuluka limodzi m'khonde lopita ku chipata. Pabenchi ya alendo, pafupi ndi kauntala, panakhala mwana wa a Kolala, dzanja limodzi lili pamimba, lina litagwira jekete ya mwamuna wake. Anali atabwera pa takisi. Atawaona Mayi Thovu nkhope yake inawala koyamba chimwalirireni bambo ake.

"Akutulutsani! Ndinawauza ine, ndinawauza!" Kenako anatembenukira kwa Inspekitala. "Nanga amuna anga amaliza nthawi yanji, bwana? Anachoka osavala jekete, ndipo kunyumba anthu akuwafunsa."

Inspekitala anauzapo anthu ambiri uthenga woipa, pamakomo, m'zipatala, pafoni. Koma apa zinamukanika. Anayang'ana mapazi otupawo, anayang'ana jeketeyo. Mayi Thovu anamugwira pamkono.

"Itanani namwino akhale pafupi, bwana, ndipo inu muime apo. Ndinabisa ndine, ndinena ndine."

Anakhala pabenchipo, anachotsa jekete ija m'manja mwa mtsikanayo n'kuiika pambali, ndipo anagwira manja ake onse awiri m'manja mwawo osuwa aja.

"Mwanangu, tsamira pa ine, upume bwinobwino. Usandisiye manja mpaka ndimalize."